Mapepala Okulungira Tempe

Lolemba, 4 Seputembala

Andipatsa kiyi wa chipinda cha kumbuyo. Ndamumangira pachingwe, chingwe m'khosi, mkati mwa bulauzi. Kuzizira pachifuwa tsiku lonse.

Pak Harjito, mlembi wa mudzi wathu, anandiitana nditangoika tiyi patebulo pawo. Ine ndinkayesa shuga wachepa. Akuti kuyambira lero ndisamangosesa ndi kuphika tiyi, ndiziyang'aniranso mapepala a ofesi. Pali lamulo lakuti munthu aliyense akafuna kuona zimene ofesi ya mudzi ikuchita, aonetsedwe. Ndiye mapepala azikhala m'malo mwake, ndipo pakhale wowasunga. "Mwezi uno ndi woyesa, Nduk. Ukakhoza, dzina lako lilowa m'kalata ya ntchito, chidindo pansi, uzivala khaki ngati ife." Kuno akuluakulu amati Nduk kwa mwana wamkazi, ife timati Pak kwa abambo.

Ndinangowerama n'kutuluka ndi thireyi.

Mbak Yayuk, achemwali a pa kompyuta, ananditsatira kukhitchini. "Usanyade, Tini. Akupatsa iweyo chifukwa tonsefe fumbi limatiyetsemulitsa."

Mwina n'zoona. Komabe khaki. Ndi malipiro a mwezi ndi mwezi, osati a m'manja aja amene mwezi wina amaiwalika. Denga la khitchini kwathu likufunika kukonza mvula isanabwere.

Sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Akudziwa. Sindinawakumbutse.

Chipindacho: makatoni mpaka kudenga, mafayilo omanga ndi zingwe za pulasitiki, fani yothyoka, ndowe za nalimata. Zenera silitseguka. Ndayamba ndi kusesa chifukwa ndi chimene ndikudziwa.

Lachitatu, 6 Seputembala

Bu Endar a ku boma anabwera kudzatiphunzitsa. Mayi ofatsa koma olankhula mothamanga. Ndinakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, bolopeni m'manja.

Zimene ndagwira. Mapepala ena ndi opachika pakhoma kuti anthu aone asanafunse n'komwe. Ena ndi opereka munthu akapempha. Ena ndi otsekera: a matenda, a maukwati otha, a ana amasiye. Wopempha ayankhidwe masiku khumi a ntchito asanathe, ndipo yankho likhale loona. Akapanda kukhutira akhoza kudandaula, mpaka ku komishoni kutauni.

Mapepala otha nthawi awonongedwe. Pamenepa ananenanso zina, ndinamva za kalata ndi mboni, koma Pak Harjito anandikodola kuti madzi a tiyi atha. Pobwera ndi fulasiki ndinapeza afika pa zina. Pomaliza anati, "Pali funso?" Dzanja langa linakana kukwera.

Nanga pepala la msewu likakhala ndi dzina la munthu amene sanagwire nawo ntchito chifukwa chodwala? Lopachika kapena lotsekera? Ndilidule pakati?

Potuluka Bu Endar anaima pakhomo pa chipinda changa. Ndalemba changa. "Ndiwe Wartini? Ukapanda kudziwa usamaganizire, uzifunsa." Ndinavomera ndi mutu. Nambala yawo ya foni ndailemba kumbuyo kwa chitseko ndi pensulo.

Lachisanu, 8 Seputembala

Msana ukuwawa. Mphuno zakuda mkati.

Pak Harjito analowa m'mawa, mpango pamphuno, kudzaona pamene ndafika. Akuti ndikuchedwa chifukwa ndikuwerenga pepala lililonse. Iwo ankangoyang'ana chaka pachikuto n'kumaponya, iyi uku, iyi uko. "Zopitirira zaka zisanu, kumanzere. Zatha nthawi. Uchotse monga mwa nthawi zonse, Nduk, tipeze malo a mashelefu."

Monga mwa nthawi zonse ndiye kuti kwa Amayi. Chiyambire, mapepala otayidwa muofesi muno ndi a wosesa. Amayi akusesa muno anali awo. Atasiya tsache kuti azikazinga nthochi ndi tempe, timitanda ta soya, pamphambano, tsache ndi mapepala zinagwera ine, ndipo ndimawapititsira kuti azikulungira. N'chifukwa chake Lachisanu lililonse amatumiza mbale ya zokazinga ku ofesi. Aliyense amadya. Lero Mbak Yayuk abisa zina m'dirowa.

Ndinaganiza za mawu aja, awonongedwe. Pepala likadulidwa pakati, likanyowa mafuta, likatayidwa kudzala, silinawonongeke? Ine ndikuona ngati lawonongeka ndithu.

Komabe ndisanamange matumba ndinakhala pansi n'kuchotsa onse otsekera. A matenda, a maukwati. Munthu asadzapeze dzina lake pa tempe ya mnzake. Ndawaika m'katoni yawoyawo, ndalemba OTSEKERA pamwamba. Otsala ndanyamula panjinga, maulendo angapo. Amayi akondwa. Akuti pepala la ku ofesi ndi labwino, silisiya inki pachakudya ngati nyuzipepala.

Lolemba, 11 Seputembala

Mashelefu afika. Achitsulo, imodzi ikugwedezeka, ndaikira kachipepala kopinda pansi pa mwendo.

Mayina a mafayilo ndikulemba ndi rula kuti zilembo zisakwere phiri. Pang'onopang'ono. Mbak Yayuk akuti pa liwiro limeneli ndidzamaliza ndili ndi zidzukulu.

Ndapachika pepala la ndalama za mudzi pabolodi ya panja, monga Bu Endar anatiuzira. Tsiku lonse waima ndi mayi mmodzi yekha, kundifunsa ngati ndi mayina a olandira mpunga. Nditati ayi anapita. Ndiye tikupachikira yani?

Koma chipinda chayamba kuoneka. Madzulo ndinaima pakhomo kungoyang'ana ndisanakiye.

Lachiwiri, 12 Seputembala

Wopempha woyamba.

Pak Sakijan a kumunsi kwa mudzi, amene munda wawo uli kumapeto kwenikweni, kunsungwi. Anavula nsapato pakhomo ngakhale muofesi sitivula. Za lamuloli anamva pa wailesi. Akufuna mapepala a ngalande yothirira imene inamangidwa zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo: zolemba za msonkhano ndi chojambula chake. Akuti pamsonkhano anamva ndi makutu awo kuti ngalande ifika kumunda kwawo, koma simenti inathera pamtengo wa mango. Chaka chino dzuwa lakula, chimanga chawo chikufota.

Ofesi yonse inatekeseka. Fomu sitinaipeze msanga. Mbak Yayuk anawajambula akusayina, chithunzi chokatumiza kwa Bu Endar. "Mwetulirani, Pak, mukulowa m'mbiri."

Chidindo ndinadinda ine. Chinakhala mowongoka.

Anandiuza motsitsa mawu: "Nduk, ine sindinabwerere ndewu. Ndingoona kuti pepala likuti ngalande ithere pati. Likati pamango, ndikagona tulo."

Ndinati inde, Pak. Masiku khumi a ntchito akutha Lachiwiri pa 26. Ndawerenga pakalendala, Mbak Yayuk atsimikiza.

Lachitatu, 13 Seputembala

Mulibe.

Mashelefu onse, makatoni onse, ngakhale ya OTSEKERA.

Masana ndinakhala pansi. Ngalande yapitirira zaka zisanu. Fayilo yabuluu, chikuto chopindika pakona. Ndikuikumbukira. Inali kumanzere. Inakwera njinga ulendo woyamba.

Sindinauze munthu. Tiyi wa madzulo ndinathira shuga kawiri, Pak Harjito anandiyang'ana.

Lachinayi, 14 Seputembala

Kunyumba thumba limodzi latha kale, lina lili pakati. Amayi amadula mapepala pawiri ndi mpeni n'kuwasanja pafupi ndi chiwaya. Ena anagawira Yu Sarmi, mayi ogulitsa mtedza kumsika, ena mayi wokazinga tahu, chakudya china cha soya, pasukulu. "Umafuna ndisunge ndekha? Iwowo amandigawira mafuta akandithera."

Chikuto chabuluu ndinachipeza pambaula. Akhala akukupizira moto. Chapsa pakona, koma mawu akuti ngalande akuoneka.

Ndinakhuthula matumba pamkeka n'kuyang'ana pepala limodzilimodzi. Ndapeza ena, oyera, ongodulidwa basi. Ena ndili ndi theka lakumwamba lokha. Lakumunsi linapita ndi munthu, mwina dzulo, mwina Lamulungu.

Amayi anaima pakhomo, manja a ufa. "Zaka zonsezi palibe anabwerapo kudzafuna pepala lake. Zayambira pa iwe?" Kenaka anatenga mpeni n'kupita kuseri kukadula masamba a nthochi. Masamba amachedwetsa, ayenera kuyamba awawula pamoto.

Kodi ndalakwa ine? Pak Harjito anati monga mwa nthawi zonse. Koma wonyamula ndine. Koma lamulo linati awonongedwe. Koma lamulo lomwelo likuti Pak Sakijan awaone. Mutu.

Loweruka, 16 Seputembala

Kumsika kuyambira m'mawa.

Chovuta si kutola, chovuta ndi kufunsa. Ndinaima pafupi ndi Yu Sarmi nthawi yaitali, mpaka anandifunsa okha ngati ndikufuna mtedza kapena mthunzi. Nditawauza anaseka n'kuitana anzawo. "Mwana wa Yu Ponirah akufunafuna kalata ya chibwenzi, inagwera mu tempe." Msika wonse maso pa ine. Komabe anandipatsa mulu wawo, ine n'kuwapatsa nyuzipepala zakale m'malo mwake. Ambiri anali atawapinda kale ngati nyanga, othiramo mtedza. Ndafutukula limodzilimodzi.

Kusukulu mayi wa tahu akuti ake anatha Lachinayi. Ndinakayang'ana kudzala, kuseri kwa mpanda. Nyerere, mafuta, tsabola wotafunidwa. Ndapeza angapo.

Chojambula cha ngalande chinali pepala lalikulu, Amayi analidula panayi. Chidutswa chimodzi chikusowa. Mizere, manambala, timivi. Sindikutolapo kanthu. Sindikudziwa ngati chosowacho ndi cha kumango kapena cha kumtunda.

Lamulungu, 17 Seputembala

Kusita. Pepala pakati pa nyuzipepala ziwiri, nsimbi yosatentha kwambiri. Mafuta amasamukira ku nyuzipepala, koma osati onse. Pepala limasanduka loonekera ngati galasi, mawu a kumbuyo ndi a kutsogolo n'kusakanikirana, koma ukaliika pa chinthu choyera limawerengeka. Loyamba ndinalipsereza m'mphepete. Ndinalira pang'ono.

Matheka ndalumikiza ndi selotepi kumbuyo, mzere ndi mzere. Ndasanja motsatira manambala a pansi. Pali mipata. Ndaika m'chitini cha mabisiketi. Akununkhira adyo.

Pepala lotere likadali la ofesi?

Lolemba, 18 Seputembala

Ndawauza Pak Harjito. Ndinadikira mpaka atsale okha. Mawu anatuluka mosokonekera, oyamba pomalizira.

Anavula magalasi. Akuti pepala la ofesi siliwonongedwa choncho. Pamafunika chilolezo cha ku boma, kalata, mboni, kenaka moto kapena makina odula. Ndiye zija ndinaphonya nditapita kukatenga madzi. "Anakuuza ndani kuti upereke kwa mayi ako?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinafuna kunena kuti monga mwa nthawi zonse.

Ndinatsegula chitini. Sanakhudze. Anabweza mpando m'mbuyo ngati muli njoka. "Zimenezi zikalowa muno, Bu Endar afunsa za mafuta. Akafunsa za mafuta afika kwa mayi ako, afika kwa iwe, afika kwa ine. Mapepalawa sanatulukepo muno, wamva? Anadyedwa ndi chiswe." Akuti alemba yankho lotero, ine ndisayine monga wosunga mapepala, iwo asayine pansi panga. Akuti akundithandiza, mwezi woyesa sunathe.

Chitini ndabwerera nacho, m'basiketi ya njinga, nditaphimba ndi juzi.

Lachitatu, 20 Seputembala

Ndayang'ana chiswe. Ndasuntha mashelefu, ndagogoda mafelemu a chitseko ndi zenera, ndawalitsa tochi ya foni m'makona. Mulibe. Ngakhale kanjira kamodzi ka dothi. Chikanakhalamo mwina mtima ukanapepuka.

Mbak Yayuk anandipeza nditagwada. Akudziwa kale, makoma a muno ndi a matabwa opyapyala. "Tini, chiswe ndiye wantchito wamkulu kuposa tonse muno. Chinayamba Pak Harjito asanabadwe. Sichidwala, sichipita kutchuthi, ndipo palibe anachichotsapo ntchito. Sayina udye." Kenaka anasiya kuseka. Akuti Pak Harjito si munthu woipa, ndi amantha chabe, atsala pang'ono kupuma pantchito. Akuti mwina m'mapepalamo mulibe n'kanthu komwe, ngalande inathera pamango chifukwa simenti inathera pamango.

Ndiye bwanji osangowaonetsa? Akuti vuto si ngalande, vuto ndi mafuta.

Sindikumvetsa. Lamulo linabwera kuti anthu aziona mapepala. Anthu akhala akuwagwira m'manja tsiku ndi tsiku, akudyerapo, palibe anakwiya. Lero munthu mmodzi wapempha mwaulemu, ndi fomu, ndiye sangawaone.

Bu Endar anaimba masana, anafuna ine. Akuti asangalala ndi chithunzi, mudzi wathu ndi woyamba kuno kulandira pempho. Abwera Lachisanu pa 29 kudzaona mmene tayankhira, komanso za kalata yanga ya ntchito. "Zonse zili bwino, Wartini? Palibe chovuta?" Pak Harjito anali chiimire pambali panga. Ndinati palibe, Bu.

Lachisanu, 22 Seputembala

Amayi atumiza mbale, zokulunga m'masamba a nthochi. Palibe wanenapo za masambawo. Mbale yabwerera yopanda kanthu.

Pochokera ku mzikiti Pak Sakijan anadutsira ku ofesi. Ndinawaonera patali n'kuthawira kuchipinda, n'kukiya mkati. Ndinawamva akuuza Mbak Yayuk: "Musamuvutitse mwanayo, masiku akadalipo. Ndangodutsa."

Ndinakhala mumdima mpaka njinga yawo itapita. Nambala ya Bu Endar pafupi ndi mphuno yanga. Ndinaiwerenga mpaka kuiloweza. Ndikaimba ndiyambira pati? Ndikanena za mapepala ndatchula Amayi. Ndikatchula Amayi ndatchula mbale ya Lachisanu. Onse.

Loweruka, 23 Seputembala

Ndinapalasa njinga mpaka kumango. Sindikudziwa chifukwa chake. Mwina ndimafuna kuona ngati zikufanana ndi chojambula.

Ngalande imabwera bwinobwino, simenti mbali zonse, madzi ochepa koma akuyenda. Pamango imangoima ngati yadulidwa ndi mpeni. Kutsogolo dothi long'aluka. Chimanga cha kumtunda chobiriwira, cha kunsungwi chotuwa.

Akazi awo a Pak Sakijan anali pomwepo, akutunga ndi ndowa ziwiri za penti, mtengo paphewa. Mayi aang'ono thupi, okalamba kuposa Amayi. Anandizindikira. "Ndiwe wa mapepala uja? Abambowo akungokutama, akuti unadinda chidindo ngati bwanamkubwa." Anandipatsa mango aawisi a m'thumba mwawo.

Ndinawanyamulira ulendo umodzi. Phewa likuwawa mpaka pano. Iwo m'mawa ndi madzulo.

Lolemba, 25 Seputembala

Ndasayina.

Kalata yaifupi. Ikuti zimene mwapempha sizikupezeka chifukwa zinawonongeka ndi chiswe. Ndinaiwerenga mobwereza kufuna cholakwika choti ndikanire. Munalibe, Mbak Yayuk amatayipa bwino. Pansi dzina langa, Wartini, Wosunga Mapepala. Koyamba kuliona lotayipidwa papepala la ofesi. W anapendama.

Pak Harjito anatulutsa m'kabati nsalu ya khaki, ikadali m'pulasitiki. "Upite nayo kwa telala, usadikire kalata. Ndiwe mwana wabwino, Nduk." Sanandiyang'ane kumaso. Inenso sindinawayang'ane.

Amayi anaigwiragwira nsaluyo, akuti ndi yolimba. Ndinawauza za chiswe. Anatembenuza tempe m'chiwaya. Kenaka: "Ndiye chiswecho ndine."

Sindinadye.

Lachiwiri, 26 Seputembala

Pak Sakijan anabwera m'mawa, malaya a batiki, ngati akupita ku ukwati. Ndinawapatsa envelopu ndi manja awiri. Anatulutsa kalata, n'kuiika kutali ndi maso, n'kuibweza pafupi. Magalasi anaiwala. "Ndiwerengere, Nduk."

Ndinawerenga. Pofika pa chiswe mawu anga anatsika, anati ndibwereze. Ndinabwereza.

"Chinadya fayilo yanga yokha?" Pak Harjito anali m'chipinda mwawo, chitseko chotseka, akulankhula pafoni kapena kunamizira.

Pak Sakijan anapinda kalata bwinobwino n'kuika m'thumba la malaya. Sanakweze mawu. Akuti mkamwini wawo amadziwa njira ya ku komishoni, koma ndi kutali, ndipo ngati pepala kulibe akanenako chiyani. Anandithokoza. Anathokoza ine. Pakhomo anachedwa kuvala nsapato, ndinaona zidendene zawo zong'aluka.

Kope ya kalatayo ndaiika m'fayilo yatsopano ya mayankho. Ndinayamba ndafunsa Mbak Yayuk ngati ndi yopachika, yopereka kapena yotsekera. Akuti yopereka. Ndiye kuti aliyense akhoza kudzapempha kuona dzina langa pansi pa chiswe.

Lachinayi, 28 Seputembala

Ofesi yotseka, tchuthi cha Chisilamu cha Maulidi. Ndinakathandiza Amayi pamphambano.

Chitini chakhala pansi pa bedi chibwerere nacho. Dzulo ndinawafunsa Amayi kuti mapepalawa ndi a yani tsopano. A ofesi anadyedwa, kalata ilipo. Anga si anga. Anati, "Ndi anga. Anandipatsa okulungira, ndipo sindinabwezepo." M'mawa anatenga chitini okha n'kukachiika pansi pa tebulo logulitsira. Sanandiuze chochita.

Pak Sakijan amagula pano akamachokera kotunga madzi. Anafika buluku lonyowa mpaka m'maondo. Anapempha tempe ndi tsabola. Amayi anati manja awo ali ndi ufa, ndiwakulungire ine.

Masamba a nthochi anali pomwepo, owawula kale. Ndinawayang'ana. Ndinatsegula chitini.

Sindinafune mafuta atsopano, ndiye tempe ndinayamba ndaikulunga m'tsamba, kenaka pepala pamwamba. Loyamba. Pamwamba pake lachiwiri. Motsatira manambala, chojambula pomalizira. Phukusi linakula ngati pilo. Amayi ankangokazinga, osatembenuka.

Anafutukula pomwepo. Lero magalasi anali nawo. Anawerenga chiimire, tempe n'kumazizira. Anakweza pepala padzuwa, anaona selotepi, anayendetsa chala pamzere wa chojambula mpaka pamene pakusowa chidutswa. Sindikudziwa ngati anapeza chimene amafuna. Nkhope yawo sinandiuze.

"Chiswe cha ku ofesi kwanu chimadziwa kusita, Nduk."

Kenaka anafunsa ngati dzina la pakalata ija ndi langadi, ndiponso ngati ndikudziwa kuti akaonetsa izi, anthu aona zonse ziwiri. Ndinavomera ndi mutu. Analipira tempe, anaika mapepala mkati mwa malaya, pamimba, n'kupita.

Kodi ndapereka kapena ndagulitsa? Sindinadinde, sindinalembe paliponse. Limenelo ndi pempho loyankhidwa? Mawa Bu Endar.

Lachisanu, 29 Seputembala

Ndafika msanga. Ndikulemba ndili m'chipinda, chitseko chotsegula pang'ono.

Pak Sakijan ali pabenchi panja, nsapato pambali, jumbo pamiyendo. Mapepala akuonekera, ndi madontho a mafuta omwe. Sanapite kutauni. Pondiona anangogwedeza mutu. Akuti akudikira mayi a ku boma aja kuti awawerengere chojambula, manambala ena akuwasokoneza.

Pak Harjito aiona jumboyo. Analowa muno, nkhope yotuwa, kunong'ona: "Sitikudziwa kumene azitenga. Ife tili pa chiswe. Usasinthe, Nduk, kalata yako ya ntchito ili m'chikwama mwa Bu Endar." Ndinawamvera chisoni.

Sindikudziwa ngati za dzulo zinali kulakwa kwachiwiri kapena kukonza koyamba. Sindikudziwa ngati Amayi aitanidwa. Sindikudziwa ngati Lolemba ndidzakhala muno kapena pamphambano.

Fayilo ya mayankho ili pashelefu yachiwiri. Akaipempha ndiwapatsa, ndi yopereka. Akafunsa za chiswe, ine ndinasuntha mashelefu, ndinagogoda mafelemu. Zimenezo ndingathe kunena, ngakhale motsitsa mawu. Ndayeserera pano, kuyang'ana khoma. Mulibe chiswe muno, Bu. Koyamba sizinamveke. Kachiwiri zamveka pang'ono.

Galimoto yaima panja.